Musanalembe clean, dziwani kaye za ma byte 512 awa

Lachiwiri lapitali titaweruka, mtsikana wina wa Fomu 3 anandipeza ku labu ndikulongedza maginito amene tinagwiritsa ntchito m'kalasi. Anatulutsa laputopu m'chikwama cha mabuku. Achimwene ake amagwira ntchito ku Tete, ndipo makinawo anatumiza ndi munthu wina amene amadutsa pa Zobue pafupipafupi. Laputopuyo inkayaka bwinobwino. Vuto linali loti Windows 7 yake inali ya Chipwitikizi, ya mtundu wosalola kusintha chiyankhulo.

"Aphunzitsi, ndikufuna ndiikemo Windows 10 ya Chingerezi. Fulashi ndili nayo, koma ndayesa katatu, ikungokana."

Tinayesa kachinayi ine ndili pomwepo. Titafika posankha malo oikapo Windows, pansi pa sikirini panatuluka mawu awa: *Windows cannot be installed to this disk. The selected disk has an MBR partition table. On EFI systems, Windows can only be installed to GPT disks.*

"Wina wa pamsika wandiuza kuti ndidine Shift ndi F10, ndilembe diskpart, kenako clean. Akuti zitheka pompo."

Wa pamsikayo sananame, zikanathekadi. Koma nditafunsa kuti mu D: muli chiyani, anati muli zithunzi za ukwati wa achimwene akewo ndi mapepala awo a kuntchito, ndipo palibenso kwina kumene anazisunga. Akanangolemba mawu amenewo, pasanathe masekondi awiri D: ikanasowa limodzi ndi C:. Kuno ku Mwanza malaputopu akale amalowa ambiri, ena pa mabasi ochokera ku Johannesburg, ena kuchokera kutsidyaku, ndiye ambiri a inu mudzakumana nawo uthenga womwewu. Ndi bwino mudziwiretu chimene lamulo la clean limafufuta, komanso chimene limasiya.

Mukadina batani loyatsira

Kompyuta ikazima, RAM yake imaiwala zonse, chifukwa RAM imasunga zinthu pokhapokha magetsi akuyenda. Windows imakhala ili phee pa hard disk. Tsono taganizani: mapulogalamu onse amatsegulidwa ndi Windows, nanga Windows yeniyeniyo imatsegulidwa ndi chiyani?

Pa bolodi ya kompyuta pali kachipangizo kakang'ono kosaiwala ngakhale magetsi achoke. M'makina akale, pulogalamu yokhala m'menemo imatchedwa BIOS. BIOS si yanzeru kwenikweni ayi. Sidziwa kuti fayilo n'chiyani, sidziwa C:, sidziwanso Windows. Ikamaliza kuona ngati RAM ndi kiyibodi zilipo, imapita poyambirira penipeni pa hard disk, kutenga zimene yapezapo, kuziika mu RAM, n'kuzisiyira ulamuliro. Ntchito yake yathera pomwepo.

Hard disk imagawidwa m'timagawo tofanana totchedwa ma sector, ndipo kwa zaka zambiri sector iliyonse yakhala ya ma byte 512. Byte imodzi ndi malo okwana chilembo chimodzi, monga "a", choncho 512 ndi kandime kamodzi basi, kosafika theka la tsamba la kope lanu. Sector yoyamba, ya nambala 0, ndiyo Master Boot Record, mwachidule MBR. Muli zinthu zitatu m'menemo.

Ma byte 446 oyambirira ndi kapulogalamu kodzutsa. Kali ngati mlonda wa pasukulu yogonera konko: sadziwa kuphika phala, koma amadziwa khomo loti agogode m'bandakucha kuti wophika adzuke. Kapulogalamuka kamafufuza gawo la hard disk limene muli Windows kapena Linux, n'kudzutsa pulogalamu yokulirapo imene ili kumeneko, iyonso n'kudzutsa ina, mpaka chizindikiro cha Windows chioneke pa sikirini.

Ma byte 64 otsatira ndiwo akutikhudza kwambiri lero. Dzina lake ndi partition table, ine ndiwatchula kuti kaundula wa malire. Tiyerekeze kuti hard disk ndi malo aakulu olimapo, C: ndi munda wa munthu wina, D: ndi munda wa mnzake. Pa malopo palibe mpanda uliwonse. Chimene chilipo ndi kabuku kwa amfumu, kolembedwa kuti munda woyamba wayambira pa mtengo wa mango mpaka pa chulu, wachiwiri pa chulu mpaka kumtsinje. Kaundula wa MBR amalemba chimodzimodzi: gawo ili layambira pa sector yakuti, lili ndi ma sector mwakuti, ndi la mtundu wakuti. Gawo lililonse limadya ma byte 16. Gawani 64 ndi 16 mupeza 4, n'chifukwa chake MBR imalola magawo akuluakulu anayi okha.

Ma byte awiri otsiriza ndi chidindo, 55 ndi AA m'kawerengedwe ka hexadecimal, komwe mu binary ndi 01010101 ndi 10101010. BIOS ikapanda kupeza chidindochi, imaona kuti pamenepa palibe choyambira, ndiye mumalandira uthenga uja woti palibe bootable device. Phatikizani 446, 64 ndi 2 muone ngati sizikwana.

Dongosololi linabwera mu 1983 ndi PC DOS 2.0, chaka chimene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta ya PC XT yokhala ndi hard disk ya 10 MB. Lero 10 MB ndi zithunzi zitatu kapena zinayi za pafoni. Okonza MBR anasungira nambala ya sector malo a ma bit 32, ndipo nthawi imeneyo zinkaoneka zochuluka mopitirira muyeso. Tengani kakyuleta: 2 kuichulukitsa yokha ka 32 ndi 4,294,967,296. Chulukitsani ndi 512, mupeza ma byte 2,199,023,255,552, pafupifupi 2.2 TB. Pa hard disk yaikulu kuposa pamenepo, MBR imalephera kuwerenga malo otsalawo, ngati lula ya 30 cm poyeza bolodi.

M'malo mwa BIOS, makompyuta atsopano ali ndi UEFI, ndipo m'malo mwa MBR muli GPT. UEFI ndi yanzeru kuposa mkulu wake uja. Imatha kuwerenga mafayilo, ndiye sidalira mlonda wa ma byte 446, imapita yokha ku kagawo kapadera kotchedwa EFI System Partition n'kutsegula fayilo yoyambira. GPT nayo imalemba malire m'ma sector otsatira pa 0, imalola magawo 128 mu Windows, ndipo imasunga kope lina la kaundulayo kumapeto kwenikweni kwa hard disk. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna UEFI basi.

Apa mwina mwaliona kale vuto la laputopu ija. Windows 7 inaikidwa mwachikale, pa MBR. Fulashi yake inayaka m'njira ya UEFI. Windows ikayambira mu UEFI imafuna GPT. Hard disk inalibe matenda alionse, zinangosemphana.

Nanga kupanga format sikukwanira?

Ili ndi funso limene ndimalandira kawirikawiri. Format imagwira ntchito m'kati mwa munda umodzi. Mukapanga format C:, mwasosa munda wa C:, koma kabuku kwa amfumu simunakakhudze, chifukwa sector 0 siili m'gawo lililonse, ili kunja kwa onse. N'chifukwa chake ena amapanga format kangapo konse uthenga uja n'kumabwerabe.

Amene munayesapo kuika Ubuntu pambali pa Windows mwina munaona china chofanana nacho. Linux imaika mlonda wakewake wotchedwa GRUB mu ma byte 446 aja. Tsiku lina mwatopa nayo, mwafufuta gawo la Linux muli mu Windows, mwazimitsa. Poyatsanso mukungoona sikirini yakuda ndi mawu oti grub rescue. Windows ili bwinobwino m'malo mwake, koma mlonda akugogodabe pa nyumba imene munagwetsa. Apa clean siifunika n'komwe. Mumayatsa ndi fulashi ya Windows, kutsegula Command Prompt, n'kulemba `bootrec /fixmbr`. Lamuloli limalembanso kapulogalamu kodzutsa kokha, malire osawakhudza.

Olemba ma vairasi anazindikira kalekale kuti malo amenewa ndi abwino kubisalamo, poti chokhala pamenepo chimadzuka antivirus isanadzuke. Vairasi yoyamba ya makompyuta a mtundu wa IBM PC, yotchedwa Brain, inalembedwa mu 1986 ndi abale awiri a ku Lahore m'dziko la Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, ndipo inkakhala mu sector yoyamba ya ma floppy disk. Musaone ngati ndi mbiri yakale chabe. Makontena olembedwa Maersk amene mumaona pa mathiraki akudikira pa malire pano ndi a kampani ya ku Denmark. Pa 27 June 2017 pulogalamu yoononga yotchedwa NotPetya, imene inayambira ku Ukraine, inalowa m'makompyuta a kampaniyi. Inkalemba zakezake pa MBR, kuzimitsa kompyuta, ndipo poyakanso inkaonetsa sikirini yonamizira kuti ikukonza hard disk pamene ikusokoneza mndandanda wa mafayilo. Amene anali wapampando wa kampaniyi pa nthawiyo, Jim Hagemann Snabe, anadzafotokoza ku Davos mu January 2018 kuti anachita kuikanso mapulogalamu m'makompyuta 45,000 ndi ma server 4,000 m'masiku khumi.

Komabe ndinene mosabisa: nthawi zambiri mukamaikanso Windows, kufufuta MBR sikufunika. Windows ikamalowa imalemba yokha kapulogalamu kake kodzutsa. Clean ndi yofunika mukamasamuka kuchoka pa MBR kupita pa GPT kapena kubwerera, hard disk ikadzaza ndi timagawo tosadziwika mwini tokana kufufutika, kapena mukakayikira kuti muli vairasi yobisala poyambira. Ena amangoilemba pa kompyuta iliyonse ngati mwambo. Ine zimenezo sindigwirizana nazo, chifukwa amene amadzalira ndi mwini zithunzi.

Fizikisi yake: n'chifukwa chiyani zimatha msanga chonchi?

M'kati mwa hard disk muli timbale tosalala tozungulira, pa laputopu kawirikawiri ka 5,400 pa mphindi, kutanthauza ka 90 pa sekondi. Pamwamba pa timbaleti anapakapo chitsulo chopyapyala kwambiri chogwira maginito. Mukukumbukira ma domain aja tinaphunzira, timagulu ta ma atomu toloza mbali imodzi? Hard disk imasunga 0 ndi 1 potembenuza timadontho ta maginito kuti tiloze uku kapena uko. Polemba, kamutu kouluka pamwamba pa mbale, osaikhudza, kamakhala electromagnet: magetsi akayenda mu koyilo mbali iyi kadontho kaloza kwina, akabwerera kaloza kwina. Powerenga, kachipangizo kena kamamva mphamvu ya timadonthoto chifukwa resistance yake imasintha. Albert Fert wa ku France ndi Peter Grünberg wa ku Germany anatulukira mu 1988 kusintha kwakukulu kwa resistance kotereku, kotchedwa giant magnetoresistance, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2007. Luso limeneli ndi limene linathandiza kuti timadonthoto tichepe kwambiri, hard disk n'kumanyamula zochuluka.

Mfundo yofunika apa ndi yakuti kadontho ka maginito sikatembenuka kokha chifukwa choti wina walemba lamulo. Kamutu kaja kayenera kudutsa pamwamba pake n'kukatembenuza. Ndiye tiwerengere. Hard disk ya 500 GB, tiyerekeze kuti imalemba 100 MB pa sekondi. 500 GB ndi 500,000 MB. Gawani ndi 100, mupeza masekondi 5,000, omwe ndi mphindi 83. Kuti kamutu kafike paliponse pafunika ola limodzi ndi mphindi zoposa 20. Clean imatha m'sekondi imodzi kapena awiri. Eti mwaona? Palibe mmene ingakhalire kuti yafufuta zonse. Yang'amba kabuku kwa amfumu kokha. Chimanga chikadali m'munda, kungoti palibe akudziwa kuti munda wa uje wayambira pati.

Zimenezi zili ndi ubwino wake. Mukalakwitsa n'kupanga clean pa hard disk yolakwika, zinthu zanu sizinapite. Pulogalamu yaulere ya TestDisk, imene analemba Christophe Grenier, imayenda pa hard disk kufufuza zizindikiro zosonyeza poyambira gawo lililonse, n'kulembanso kaundula. Ine ndinaphunzira izi movutika. Chaka china ndikukonza kompyuta usiku, maso ali ndi tulo, ndinasankha nambala yolakwika, ndipo clean inagwera pa hard disk yanga yoyenda nayo, momwe munali mapepala a mayeso akale ndi zolemba zanga za zaka zinayi. Chimene chinandipulumutsa n'choti ndinaichotsa nthawi yomweyo osalembapo kanthu. M'mawa mwake TestDisk inabweza zonse. Ndikanaikapo Windows kapena kukoperapo mafilimu, malo onse olembedwa zatsopanowo akanapitiratu, poti kadontho kakatembenuzidwa sikakumbukira kumene kankaloza.

Kuipa kwake ndi kwa amene akugulitsa kapena kupereka laputopu. Mu 2003 ophunzira awiri a pa MIT ku America, Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat, anafalitsa zimene anapeza atagula ma hard disk akale 158. Mwa amenewo 129 ankagwira ntchito, ndipo 12 okha ndi amene anafufutidwa moyenera. M'menemo anapezamo manambala a makadi a kubanki oposa 5,000, makalata a anthu ndi zolemba za kuchipatala. Eni ake ambiri ankaganiza kuti anafufuta. Choncho mukamagulitsa makina, lamulo lake ndi `clean all`, limene limalemba 0 pa sector iliyonse. Likatenga maola awiri musadabwe, ndi masamu aja tawerengera. Nanunso mukagula laputopu yakale n'kupezamo zinthu za mwini woyamba, si zanu zimenezo, fufutani.

Malaputopu ambiri atsopano ali ndi SSD, yomwe ilibe mbale kapena maginito. Imasunga 0 ndi 1 potsekera ma electron m'timaselo ting'onoting'ono. MBR ndi GPT zimagwira ntchito chimodzimodzi, koma pa SSD musadalire zobweza. Mukapanga format, Windows imauza SSD kudzera m'lamulo lotchedwa TRIM kuti malowo alibenso ntchito, ndipo SSD imayamba kuwasesa yokha. Pofuna kuigulitsa, njira yodalirika ndi Secure Erase ya kampani imene inapanga SSD-yo.

Ngati mwatsimikiza kuti clean ikufunikadi

Choyamba koperani zonse zofunika kwina, kuphatikizapo za mu D:, poti clean sisankha gawo, imatenga hard disk yathunthu. Mukakopera tsegulani mafayilo angapo muone ngati akutseguka, kenako zulani hard disk imene mwakoperayo muiike patali. Pa kompyuta patsale fulashi ya Windows yokha. Batire ikhale yodzaza, mukudziwa nokha mmene magetsi amazimira. Ndi nzerunso kusungiratu driver ya Wi-Fi pa fulashi, chifukwa kukhala ndi Windows yatsopano yosatha kulowa pa intaneti kumapweteka mutu.

Sikirini yoyamba yoikira Windows ikaoneka, dinani Shift ndi F10 limodzi. Lembani `diskpart`, kenako `list disk`. Apa imani kaye, muwerenge. Musaloweze pamtima zoti hard disk ya m'kati ndi Disk 0 nthawi zonse, zimasintha. Yang'anani kukula kwake. Ya 500 GB imaoneka ngati 465 GB, ya 1 TB ngati 931 GB, fulashi ya 16 GB ngati 14 GB. Palibe wakuberani, opanga amawerenga m'ma 1,000 pamene Windows imawerenga m'ma 1,024. Mukaizindikira lembani `select disk` ndi nambala yake, kenako `detail disk` kuti muone dzina lake ndi magawo ali m'menemo. Zikagwirizana ndi zimene mukuyembekezera, lembani `clean`. Dziwani kuti diskpart sikufunsani ngati mwatsimikiza. Mukangodina Enter, zachitika. Kenako `convert gpt`, `exit`, n'kubwerera koikira Windows. Hard disk yonse ioneka ngati Unallocated Space, ndipo mukaisankha Windows idzidulira yokha magawo ake.

A Linux ali ndi lamulo la dd, lomwe limasonyeza bwino kwambiri zimene taphunzirazi. `dd if=/dev/zero of=/dev/sdX bs=446 count=1` limalemba 0 pa ma byte 446 oyambirira, ndiye lachotsa mlonda yekha. X akuimira chilembo cha hard disk yanu. Mukasintha 446 kukhala 512, mwachotsanso malire onse. Kusiyana kwa ma byte 66 okha, koma kwina mwataya kapulogalamu kolembekanso m'mphindi imodzi, kwina mwasowetsa C: ndi D:. Pa hard disk ya GPT kufufuta 512 oyambirira sikukwanira, poti kaundula ali m'ma sector otsatira komanso kope lake lili kumapeto. Pamenepo amagwiritsa ntchito `wipefs -a` kapena `sgdisk --zap-all`. Musayesere malamulowa pa kompyuta ya pasukulu kapena ya makolo. Pezani fulashi yakale yopanda kanthu muphunzirirepo.

Kwa a Fomu 4 amene mumakonda masamu, nali funso loti mubwere nalo Lachisanu: ma hard disk ena amaonetsa ma sector a ma byte 4,096 m'malo mwa 512. Pa hard disk yotere, MBR ingawerenge malo ochuluka bwanji?

Za laputopu ija, panali njira ziwiri. Tikanatha kuyatsa fulashi m'njira yachikale, imene pa menu imalembedwa Legacy, n'kuika Windows mu C: yokha osakhudza D:. Mwini wake anasankha GPT, akuti akufuna aone ndi maso zimene ndinkafotokozazo. Tinakopera kaye zithunzi za ukwati ndi mapepala aja pa hard disk yanga, zinatenga pafupifupi ola. Anatsegula yekha zithunzi zingapo kutsimikiza, ine n'kuzula chingwe. Pa list disk panaoneka ziwiri, 465 GB ndi 14 GB. Anawerenga kawiri mokweza, n'kulemba clean, chala chikunjenjemera pang'ono. Asanachotse n'komwe dzanja pa kiyibodi, diskpart inali itanena kale kuti yamaliza.

"Basi? Zatha?"

Pofika 5 koloko Windows 10 inali ikuyankhula Chingerezi ndipo zithunzi zinali zitabwerera. M'mawa mwake anabweranso ndi dandaulo lina: batani lapafupi ndi L lalembedwa Ç, koma akalidina pakutuluka semicolon. Limenelo si vuto la MBR. Kiyibodi ndi ya Chipwitikizi, Windows ikuiwerenga ngati ya ku America. Tinalowa mu Settings n'kuwonjezera kiyibodi ya Portuguese, mabatani onse n'kuyamba kulemba zimene zajambulidwa pamwamba pake.